Suti ya "Super 150s" pa 4,500 MT: Zolembedwa pa Webusaiti Tizikhulupirire Mpaka Pati?

Funso: Ndine mphunzitsi ku Ulónguè, m'boma la Angónia ku Mozambique, ndipo mu Novembala ndikumanga ukwati mu mzinda wa Tete, kwawo kwa mkazi. Ndaona webusaiti ya sitolo ina yogulitsa masuti. Alemba kuti "100% lã italiana, Super 150s" (ubweya wokhawokha wa ku Italy), "feito à mão" (yosokedwa pamanja), komanso kuti ndi sitolo nambala wani m'dziko muno. Suti yomwe inali 18,000 MT (meticais) akuti yatsika kufika 4,500 MT kwa maola 24 okha. Akufuna ndilipiriretu yonse pa M-Pesa, adzanditumizira pabasi. Zithunzi n'zokongola ndipo onse olemba ndemanga akuyamikira. Nditumize ndalamayo?

Yankho: Achimwene, mafuno abwino pa ukwati ukubwerawo. Ndalamayo igwireni kaye. Mwina masuti ali nawodi, mwinanso akhoza kukutumizirani, koma zimene alembazo sizingakhale zoona zonse pamodzi. Ine ntchito yanga ndi ya utelala, nsalu ndimakhala nayo m'manja tsiku lonse, ndiye ndikuonetsani pamene mawu awo akusemphana ndi mmene suti imapangidwira.

Zina mwa zimene alembazo sitichedwa nazo. "Nambala wani m'dziko muno", "qualidade premium", "luxo", mawu otere munthu aliyense akhoza kulemba popanda kulipira kanthu ndipo palibe poti mungamugwirire. Anawapatsa nambala wani ndani, liti, atawayerekeza ndi yani? Ngati sanatchule, werengani ngati sanalembe kanthu. Mawu oyenera kutaya nawo nthawi ndi okhawo amene angathe kupimidwa: nsalu ndi yanji, inawombedwa kuti, suti inasokedwa bwanji, sitolo ili pati, ndipo ikapanda kukukwanani chichitike n'chiyani.

Tiyambe ndi "Super 150s", poti ndi pamene anthu ambiri amagwera. Nambala imeneyi si malikisi a ubwino wa suti ayi. Imanena za kuwonda kwa ubweya wa nkhosa umene anapotera ulusi. Bungwe loona za malonda a ubweya padziko lonse, la IWTO, linaika muyezo wake: ubweya wa Super 100s usanenepe kupitirira ma micron 18.75, wa Super 120s usapitirire 17.75, ndipo wa Super 150s usapitirire 16.25. Micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita, kotero tsitsi la pamutu panupo ndi lonenepa katatu kapena kanayi kuposa ubweya tikunenawu. Umachokera ku nkhosa za mtundu wa merino, makamaka za ku Australia, ndipo ukamawonda mtengo umakwera chifukwa nkhosa zobereka ubweya wotere n'zochepa. Muyezo womwewo sulola kuti mawu akuti Super alembedwe pa nsalu yosakaniza ndi polyester.

Koma kansalu kolembedwa "Super 150s" kaja, kamene amasokerera pa mkono wa jekete, sikavuta kupeza. Ndalandirapo masuti ambiri oti ndifupikitse mikono, pamkono palembedwa Super 150s kapena Super 180s, koma ukapisa m'thumba la m'kati n'kutulutsa kachikwangwani koyera kochapira, umapeza palembedwa polyester 80%, viscose 20%. Kachikwangwani koyerako ndi kamene kamanena zoona kawirikawiri, chifukwa fakitale imakaika kuti katundu adutse m'malire a mayiko. Ka pamkono ndi kokopera maso. Ndipo pomwepa ndikupempheni, suti iliyonse imene mudzagule, kansalu ka pamkonoko mudzakasomole musanalowe m'tchalitchi. Amakasokerera ndi timisoko tinayi tokha m'makona n'cholinga choti kachotsedwe. Zimandipweteka kuona mkwati watchena bwino, koma pa zithunzi zonse za ukwati kansaluko kali pamkono.

Tsopano tiwerengere limodzi, inu ndinu mphunzitsi. Suti ya jekete ndi thalauzi imadya mamita atatu kapena atatu ndi theka a nsalu ya masentimita 150 mulifupi. 4,500 MT ndi pafupifupi madola 70. Mu ndalama imeneyo mulowe nsalu, nsalu yam'kati, mabatani, zipi, malipiro a osoka, ulendo wa katundu kuchokera kunja, msonkho wa pamalire, msonkho wa pa zogula wa IVA womwe ndi 16%, ndi phindu la mwini sitolo. Nsalu yeniyeni ya Super 150s yochokera ku Italy, mamita atatu okhawo amaliza ndalama yonseyo sizala isanaikhudze. Choncho pa zinthu ziwirizi chimodzi n'chabodza: kaya nsaluyo, kaya mtengowo. Ndipo poti palibe wamalonda amene amagulitsa moluza tsiku ndi tsiku, chabodza ndi nsaluyo.

Mawu akuti "italiana" nawonso muwayang'ane bwino. Nsalu zotchuka za masuti za ku Italy zimawombedwa makamaka m'dera la Biella ndi madera oyandikana nalo kumpoto kwa dzikolo, ndipo mafakitale ake ali ndi mayina: Vitale Barberis Canonico, Reda, Ermenegildo Zegna, Loro Piana. Ku England kuli a ku Huddersfield. Wosoka amene wagula nsalu kwa amenewa sabisa dzina, amalinyadira, chifukwa ndi limene limamugulitsira suti. Fakitale imamupatsa kachikwangwani kake koti asokerere m'kati mwa jekete, ndipo dzina limakhala lowombedwanso m'mphepete mwa mpukutu wa nsalu. Wogulitsa amene akuti nsalu ndi ya ku Italy koma sakutchula fakitale, mufunseni. Akayamba kuzungulira, mwadziwa. Onaninso kusiyana kwa "Made in Italy" ndi "design italiano" kapena "estilo italiano". Awiri omalizawa akungonena za kadulidwe, jekete yothina m'chiuno ndi thalauzi lowonda miyendo, ndipo suti yotere ikhoza kusokedwa ku China kapena ku Turkey popanda wonama. Masuti abwino amatuluka m'mayiko awiriwa, sindikuwanyoza. Chimene ndikukana ndi kulipiritsa munthu dzina la dziko limene sutiyo sinaliponde.

Chizindikiro china chimene mungafunse ndi Woolmark, chija chooneka ngati mpukutu wa ulusi wa mizere yakuda ndi yoyera. Chinayamba mu 1964, ndipo chimaperekedwa ndi chilolezo kwa opanga zovala za ubweya watsopano wokhawokha. Pali chinanso cha Woolmark Blend cha nsalu imene ubweya wake ndi theka kapena kuposerapo. Nachonso akuba amakopera, koma wogulitsa amene akuti "100% lã" n'kulephera kukuonetsani chizindikirochi ngakhalenso kachikwangwani koyera kaja, alibe pogwira.

Nanga sutiyo ndi yanji kwenikweni? Pa mtengo umenewo, ndikuyembekeza kuti ndi nsalu yomwe amalonda amaitcha TR, polyester wosakaniza ndi viscose. Ndinene mosabisa, si nsalu yoipa. Ndi yolimba, sichedwa kuuma, njenjete siziikonda, ndipo anthu ambiri amangitsa maukwati abwino atavala imeneyo. Akanalemba kuti "TR, 4,500 MT", ine ndikanati ganizirani, mtengowo si wachilendo. Vuto lanu, achimwene, ndi malo ndi mwezi. Mukanakhala kuti mukumangira ku Ulónguè mu Juni, kuzizira kwa ku Angónia kukanakuthandizani. Koma Tete mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Polyester samwa thukuta. Ndipo nsalu yam'kati ya masuti otchipa imakhalanso ya polyester, ndiye thupi limakhala lotsekeredwa kawiri. Kuyambira kutchalitchi, kukajambulitsa, mpaka kuholo kukavina perekaniperekani, shati idzamatirira pamsana musanafike pakati pa mwambo. Ubweya wopepuka, wa magalamu 200 mpaka 260 pa mita, wowombedwa motayana pang'ono, umalola mpweya kudutsa ndipo umamwa chinyezi osaoneka kunyowa. Nsalu yam'kati ikakhala ya viscose kapena cupro, imene ambiri amaidziwa ndi dzina la Bemberg, zimakhalanso bwino. N'chifukwa chake bodza la nsaluli si nkhani ya ulemu wokha. Mudzalimva m'thupi tsiku la ukwati.

Ndiwonjezepo kuti ngakhale ikanakhala Super 150s yeniyeni, sindikanakulimbikitsani. Ulusi wowonda chotero sulimba kuvalidwa kawirikawiri. Umayamba kunyezimira m'zigongono ndi kumatako, ndipo simbi yamakala ikangotentha mopitirira, chipsera chake sichichoka. Inu sutiyi mudzaivalanso kutchalitchi, pa zinkhoswe za abale, pa mwambo wa kusukulu. Super 100s kapena 120s ndi imene ingapirire moyo umenewo.

Za "feito à mão". Jekete yosokedwadi pamanja imadya masiku angapo a munthu mmodzi waluso. Pakati pa nsalu yakunja ndi yam'kati, pachifuwa, pamalowa chinsalu cholimba chosakaniza ndi ubweya wa hatchi, chimene amachigwiriza ndi timisoko tambirimbiri kuti chifuwa ndi kolala zikhale ndi maonekedwe ake. Masuti ambiri a m'sitolo alibe chimenechi. Ali ndi nsalu yomata, ya guluu mbali imodzi, imene amaidinda ndi makina otentha kumbuyo kwa nsalu yakunja. Ndi njira yachangu, ndipo ikachitika bwino imakhalitsa ndithu. Ikachitika mwachinyengo, kutentha ndi chinyezi zimamasula guluu, ndipo pachifuwa pamatuluka timatuza timene simbi singathe kuwongola. Kuyesa kwake n'kosavuta. Tsinani nsalu yakunja ya jekete m'munsi mwa batani lomaliza, ndi dzanja linalo tsinani yam'kati, kokani pang'ono. Mukamva nsalu yachitatu ikuyandama pakati, muli chinsalu chija. Mukamva ziwiri zokha, yakunjayo ili yokhuthala ndi youma kuposa ya pamkono, ndi yomata. Yang'ananinso mabowo a mabatani: a pamanja kumbuyo kwake sakhala osalala ngati kutsogolo, a makina amafanana mbali zonse. Timisoko tooneka m'mphepete mwa kolala tisakupusitseni, pali makina opangira timeneto dala kuti tizioneka ngati ta pamanja. Suti ya 4,500 MT ndi yomata, ndipo palibe cholakwa pamenepo kupatula kuitcha ya pamanja.

Zithunzi zokongolazo muziyese. Jambulani chimodzi pa foni, chiikeni mu Google Lens, imene imafufuza zithunzi zofanana pa intaneti. Mukapeza mnyamata yemweyo, suti yomweyo, khoma lomwelo pa mawebusaiti a mayiko ena, dziwani kuti chithunzicho si cha katundu amene ali m'sitolo mwawo. Ogulitsa ena oona mtima amagwiritsanso ntchito zithunzi za fakitale, n'chifukwa chake musathere pomwepo. Apempheni akuimbireni pa WhatsApp ndi vidiyo, atenge suti ya saizi yanu, aitembenuze, akuonetseni kachikwangwani koyera ka m'thumba, atuluke nayo panja padzuwa muone mtundu wake weniweni, akuonetseninso khomo la sitolo ndi msewu. Amene ali ndi katundu amachita zimenezi mu mphindi zisanu, mokondwa. Amene alibe, netiweki imamuvuta nthawi yomweyo.

Ndemanga zimene zili pa webusaiti ya mwini sitolo amasankha ndi mwini sitoloyo. Zikakhala zonse za nyenyezi zisanu, zazifupi, zofanana kalembedwe, zopanda wodandaula ngakhale za kuchedwa kwa basi, musaziwerengere. Pitani pa tsamba lawo la Facebook, pali malo otchedwa "Transparência da Página" amene amaonetsa tsiku limene tsambalo linatsegulidwa ndi mayina amene linasinthapo. Sitolo yomwe ikuti yatumikira anthu zaka khumi koma tsamba lake ndi la miyezi itatu, kapena chaka chatha linkagulitsa mafoni, yadziulula yokha. Onaninso ngati anatseka malo olembapo ndemanga pansi pa zithunzi. Za wotchi yowerengera maola 24 ija, tsegulani webusaitiyo mkucha. Kawirikawiri mudzaipeza yayambiranso, ndipo 18,000 MT yodulidwa mzereyo ndi mtengo umene palibe anaulipirapo. Ntchito ya wotchiyo ndi kukuletsani kufunsa mafunso amene tikufunsa panowa. Kaloko kakang'ono kooneka pafupi ndi dzina la webusaiti nakonso sikaikira umboni mwini wake. Kamangotanthauza kuti zimene mukulemba zikuyenda mobisika pakati pa foni yanu ndi webusaitiyo, ndipo wakuba naye akhoza kukhala nako.

Chachikulu kuposa zonsezi ndi ichi: mukuchita malonda ndi yani? Sitolo yolembetsedwa m'dziko muno ili ndi dzina, NUIT (nambala ya msonkho) ya manambala asanu ndi anayi, alvará (laisensi ya bizinesi), ndi malo oti munthu akhoza kufikapo, bairro ndi msewu. Imapereka factura kapena recibo, ndiye kuti lisiti. Lamulo loteteza ogula, Lei n.º 22/2009, limakupatsani ufulu wouzidwa zoona za chimene mukugula ndipo limaletsa kutsatsa malonda monyenga, ndipo pali Lei n.º 3/2017 yokhudza malonda ndi zochitika za pa intaneti. Koma lamulo limagwira munthu wodziwika. Mukapita kukadandaula muli ndi nambala ya foni yokha imene yazimitsidwa, ngakhale wofuna kukuthandizani amasowa poyambira. Choncho musanalipire, jambulani tsamba lonse pamene alemba "100% lã" ndi mtengo, sungani zokambirana za pa WhatsApp, ndipo muwauze kuti mawu omwewo adzawalembe pa factura. Apa ndi pamene ambiri amabwerera m'mbuyo n'kunena kuti "ndi yosakaniza pang'ono". Kulemba pa webusaiti n'kosavuta, kulemba pa pepala lokhala ndi NUIT yawo amaganiza kawiri.

Pa M-Pesa kapena e-Mola, yang'anani dzina la wolandira musanatsimikize. Likakhala la munthu wamba losagwirizana ndi sitolo, funsani kuti ndi ndani. Amalonda ang'onoang'ono ambiri amalandirira pa nambala zawo, si umboni wa kuba, koma ndalama yotumizidwa chotero ikapita n'kutapidwa, kuibweza n'kovuta kwambiri. Ine ndingavomere kulipiriratu ya basi yokha kapena gawo lochepa, yotsalayo suti ikafika. Kuposa apo, ngati sitoloyo ili mu Tete, Beira kapena Maputo, pezani m'bale kapena mnzanu wa komweko akalowe, akaigwire, akalipire ali pomwepo. Ndipo akadzakuuzani mutalipira kale kuti katundu wagwidwa ku alfândega (kwa a kasitomu), muwonjezere ina kuti atuluke, musawonjezere ngakhale metical imodzi. Imeneyo ndi njira yakale yokamira munthu kawiri.

Tinene kuti zonse zayenda bwino, anthuwo ndi enieni ndipo avomera kuti nsalu ndi TR. Patsala saizi, imene imagwetsa anthu ambiri kuposa akuba. Zilembo za M, L, XL pa suti zilibe tanthauzo lokhazikika. Pa saizi za ku Europe, nambala ndi theka la chifuwa chanu m'masentimita: 50 ndi chifuwa cha pafupifupi masentimita 100, yomwe pa saizi za ku England ndi 40. Koma "slim fit" ya fakitale ina ndi yothina kuposa ya inzake, choncho pitani kwa telala wa pafupi nanu akuyezeni chifuwa, mapewa, mkono, chiuno ndi kutalika kwa jekete, ndipo ogulitsawo ayale jekete patebulo, ayeze ndi tepi mukuona pa vidiyo. Mapewa ndiwo muwasamale. Chiuno timachepetsa, mikono timafupikitsa, thalauzi timapinda, koma mapewa akakula kapena kuchepa, kukonza kwake n'kumasula jekete yonse, ndipo pa suti yomata sizituluka bwino. Masuti otchipa amasiyanso nsalu yochepa kwambiri m'misoko, kotero yothina siingakulitsidwe. Afunseni momveka: ikapanda kukwana amasintha m'masiku angati, ndipo ya basi yobwezera amalipira ndani? Kuchokera ku Maputo kufika ku Tete ndi makilomita opitirira 1,500, kupita ndi kubwera kwa phukusi kukhoza kukudyerani milungu imene mulibe.

Ikafika, iyeseni musanachotse zikwangwani. Finyani mwendo wa thalauzi m'dzanja kwa kanthawi n'kusiya: ubweya umadziwongola wokha, nsalu ya viscose wambiri imasunga makwinya. Mathalauzi a suti ambiri amabwera osapinda kumunsi, ndiye sololani timaulusi tingapo pamenepo, tigwireni ndi kachitsulo, yatsani ndi machesi panja. Ubweya umapsa monyinyirika, umazima wokha, umanunkha ngati mutu wa mbuzi ukamawaulidwa, ndipo chotsala chake chimafumbutuka mukachitikita ndi zala. Polyester amakwinyika kuthawa moto, amasungunuka, n'kusiya kamkanda kakuda kolimba. Viscose amayaka msanga n'kusiya phulusa lopepuka. Mukapeza kamkanda kolimba pa suti yolembedwa "100% lã", muli ndi umboni m'manja.

Mukanakhala m'bale wanga wa bere limodzi, ndikanakuuzani kuti ndalama yomweyo muyambe mwaizungulira nayo kumene manja anu angafike. Lowani masitolo a mu Tete, muvale, mukweze manja, mukhale pampando muone ngati thalauzi likukoka. Anthu a ku Angónia ambiri amadutsa pa malire a Calómuè kukaona ku Dedza ndi ku Lilongwe. Musanyozenso kaunjika, amene kuno timati calamidade: m'mabelo mumatuluka majekete a ubweya weniweni, ena a Woolmark, ena okhala ndi dzina la fakitale ya ku Biella m'kati, pa mtengo wochepera wa TR yatsopano. Chongofunika ndi kuyang'ana padzuwa ngati njenjete sizinaboole, kuonetsetsa kuti jekete ndi thalauzi ndi za nsalu imodzi, ndi kupeza telala wodziwa kuchepetsa. Kapena gulani nsalu imene mwaigwira nokha, musoketse. Njira iliyonse imene musankhe, sutiyo ikhale m'nyumba mwanu kutatsala milungu itatu, kuti telala apeze nthawi yoikonza, inu muiyesenso ndi nsapato ndi shati zimene mudzavale tsikulo, ndipo posita muziika kansalu konyowa pakati pa simbi ndi suti.